Tiyi amene ndinameza pamaso pa a Madamu

Mpaka lero ndikamadutsa pa njinga yamoto m'munda wa tiyi wa kumtunda uja, amayi othyola tiyi amandipatsa moni wautali kuposa wa anthu ena onse. "Mwaswera bwanji, bwana? Lero simutsika?" Kenako phwete kuseka. Ine ndimangowonjezera moto n'kumapita, chifukwa ndikudziwa chimene akukumbuka.

Ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje (dzina lake ndisalitchule, ana anga akadali pasukulu). Matenda anga kuyambira ndili mwana ndi chidwi. Ndikaona munthu wakwera pamwamba, mtima sukhala m'malo mpaka nditadziwa kuti anapondapo pati.

Ndiye munthu amene ankandizunguza mutu kwambiri anali mkulu wa kampani yathu yonse, amene tonse timangowatchula kuti a Madamu. Ofesi yawo ili ku Blantyre, ndipo makampani ena angapo sapanga chiganizo chachikulu iwo asanakhalepo pamsonkhano. Koma mayi ameneyu ndi wa konkuno, cha ku Likhubula, ndipo mayi awo ankathyola tiyi ndi dengu kumsana. Anafika bwanji pamenepo? Ena ankati ndi sukulu ya kunja. Ena ankanong'ona za mankhwala a ku Mozambique. Ine ndinkafuna kumva kuchokera pakamwa pawo. Ndinafika mpaka poyamba kuyenda mothamanga ngati iwo, mkazi wanga n'kundifunsa ngati ndikuthawa ngongole.

Kenako panapezeka mpata wa wachiwiri kwa manijala wa esiteti. Ndinaufuna mpando umenewo, osanama ayi. Unali ndi nyumba yake, galimoto yake, ndipo ndinali nditakhala pa desiki imodzi mpaka desikiyo inkandidziwa fungo. A Madamu anabwera okha kudzasankha munthu. Iwo sakonda zokhazika munthu kutsidya kwa tebulo n'kumamufunsa mafunso. Amayenda naye pantchito, n'kumamuona.

Tsiku langa linafika kukuzizira, chiperoni chitaphimba phiri lonse, kamvula kakuwaza. Mkazi wanga anandisitira suti, n'kundipatsa tiyi wa mkaka wodzaza kapu yanga yaikulu ija kuti ndisanjenjemere. (Sindikumuimba mlandu, koma nkhani inayambira pamenepo.)

Malo oyamba amene a Madamu ananditengera anali chipinda cholawira tiyi ku fakitale. Mmenemo muli tebulo lalitali, timbale toyera titandandalikidwa, kalikonse kali ndi tiyi wakuda bii, wopanda shuga, wopanda mkaka. Wolawa amapsontha mwaphokoso, kuyendetsa tiyiyo m'kamwa, kenako kulavulira m'chitini chachitali chimene amayenda nacho. Zimenezi ndinkazidziwa bwinobwino. Chimene sindinaganizepo n'chakuti tsiku lina ndidzafunika kulavula pamaso pa munthu wamkulu. Kwathu amalume anandiwombapo khofi chifukwa cholavula nthanga ya bwemba iwo ali pafupi, ndipo khutu limenelo limakumbukabe.

A Madamu anatenga kambale koyamba, kupsontha, n'kulavula mwaukhondo ngati munthu amene wachita zimenezi moyo wake wonse.

"Lawani, mundiuze mmene mukumuonera," anatero.

Ndinapsontha, m'kamwa munadzaza. Ndinayang'ana chitini chija, chili pafupi penipeni ndi nsapato zawo. Ndinayang'ana nkhope yawo. Ndinameza.

"Bwanji?"

"Ndi wokoma, Madamu."

Anangosunthira pa kambale kotsatira. Ndiye pofuna kuonetsa kuti ndine munthu wakhama, ndinayamba kumapsontha kwambiri, timbale tina mpaka kuona pansi pake. A Likoswe, amene ndi wolawa tiyi wathu, anandikankhira chitini chija ndi phazi mwakachetechete. Ine ndinachibweza ndi phazi langa, mwaulemu. Tinayenda tebulo lonse, a Madamu akulavula, ine ndikumeza.

Titatuluka anati tikwere galimoto tikayendere minda. A Jafali, dalaivala wawo wa ku Chonde, anatitsegulira zitseko, ndipo ndinakhala kumbuyo limodzi ndi a Madamu. Pamenepo n'kuti chikhodzodzo chitayamba kale kugogoda, koma ndinati zipirira, mwamuna, mpando uwo ukubwera.

Tisanapite patali a Madamu anatembenuka. "Ndamva kuti mumafunsafunsa anthu za mbiri yanga."

Ndinachita manyazi, koma iwo anaseka. "Musadandaule. Munthu wofunsa ndimamukonda. Lero ndikuuzani ndekha."

Tangoganizani! Chinthu chimene ndinachilakalaka zaka zonsezo chinali kundibwerera chokha. Chiyambi ndinachimva bwino: mmene ankaperekera chakudya kwa mayi awo kumunda, mmene anayambira ntchito ngati kalaliki wa pa sikelo yoyezera masamba, mmene ankawerengera mabuku a maphunziro a pakalata anzawo akucheza. Koma msewu wa m'minda si msewu. Galimoto ikalowa m'dzenje, tiyi yense uja ankakhavuka mkati mwanga. Ndipo inu mukudziwa Mulanje kukagwa mvula: kulikonse madzi. Ngalande zikuyenda, timitsinje tikutsika m'phiri, madontho akutsetsereka pa galasi. Ndinapingasa miyendo. Ndinayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi chamumtima. Thukuta linatuluka, kunja kukuzizira chonchija.

"Koma chimene chinasintha zonse," anatero a Madamu akutsitsa mawu, "chinachitika tsiku lina pa sikelo pomwepo."

Nthawi yomweyo tinafika pa kamlatho ka matabwa, pansi pake madzi akusokosera. Milomo yawo ndinkaiona ikuyenda. Manja ankalongosola. A Jafali kutsogolo ankagwedeza mutu, n'kumati, "Eee, Madamu, zoona?" Ine sindinamve liwu ndi limodzi lomwe. Mutu wanga wonse unali utasamukira kumunsi kwa lamba.

"Ndiye mukanakhala inu, mukanatani?" anandifunsa pomaliza.

"Imani! A Jafali, chonde imani!"

Ndinatuluka galimoto isanaimitsitse. Vuto la munda wa tiyi ndi lakuti mulibe pobisala: tiyi amalekeza m'chiuno, ndipo munthu amaoneka ali kutali. Ndinathamangira pakati penipeni pamene ndinaona kuti palibe munthu, n'kufulatira galimoto. Mpumulo umene ndinaumva sindingathe kuufotokoza.

Ndili mkati, mapulasitiki anayamba kusuntha m'mizere. Anali amayi othyola tiyi, amene anali atakhala pansi atafunda mapulasitikiwo pobisala kamvula kaja. Mutu unadzuka kumanja, wina kumanzere, wina patsogolo panga penipeni.

"Mwadzuka bwanji, bwana?"

Munthu sungasiye moni osayankha. "Ndadzuka bwino, kaya inu amayi?" (Kusiya zinazo kunali kosatheka.)

Apa ndiyenera kunena kuti mwezi womwewo ndi ine amene ndinawasonkhanitsa amayi amenewa, n'kuwalalikira mwamphamvu kuti aliyense wopezeka akudzithandiza m'munda adzalandira chenjezo. Mayi wina wachikulire anandiyang'ana mwachifundo n'kuloza ndi mlomo.

"Bwana, chimbudzi munatimangira chija chili uko. Kapena ndi cha ife tokha?"

Ndinabwerera ku galimoto thalauza itanyowa mpaka m'chiuno chifukwa cha masamba a mvula, zimene sizinathandize nkhani yanga ngakhale pang'ono. A Jafali ankayang'ana kutsogolo, mapewa okha akugwedezeka.

"Munayamba kuvutika nthawi yanji?" anafunsa a Madamu.

"Tisananyamuke ku fakitale, Madamu."

"Nanga bwanji osanena? Ndipo tiyi uja munkamezeranji?"

"Ulemu, Madamu."

"Ulemu umenewo ndi umene ine ndimauopa. Makina akadzawonongeka pa fakitale, nkhaniyo mudzaimezanso mpaka tidzafike pa mlatho?" Kenako anaseka mpaka kupukuta misozi.

Mpando uja anapatsidwa mayi wina wa ku ofesi ya zogulagula, amene ndinamva kuti analavula molimba mtima mpaka kudonthezera nsapato ya a Madamu. Zinandiwawa, ndisabise. Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya pa sikelo ija. Ndinawatsatira a Jafali kwawo ku Chonde, kuwagulira chakumwa chozizira, n'kuwapempha andiuze.

"Walahi, achimwene, ndinamva zonse, ndipo ndi nkhani yokoma zedi," anatero. "Koma Madamu anati ndisakuuzeni. Akuti mukadzaphunzira kulavula mudzapite mukafunse nokha."

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyeserera kuseri kwa nyumba ndi kapu ya madzi, ndipo ndinayamba kudziona kuti ndakonzeka. Koma Lamlungu lapitali apongozi anga anandipatsa thobwa limene linali litasasa kale, munali ndi kantchentche komwe, n'kukhala pansi kundiyang'ana kuti amve ngati lakoma. Ndinameza, n'kuwayamikira, ndipo anandithirira lina.