Chitsulo cha Pabwato Chitakana Mimba Yanga

Ku Dedza boma kuli anthu amene mpaka lero akandiona amayamba kuseka ndisanawapatse n'komwe moni. Ine mayina awo sindiwadziwa, koma iwo amadziwa ngakhale pamene vesiti yanga yamkati inang'ambikira. Ndati ndiifotokoze ndekha nkhaniyi, chifukwa m'kamwa mwa alamu anga ikumakula tsiku ndi tsiku.

Ntchito yanga ndi yogula mbatata ya kachewere m'midzi ya ku Kabwazi n'kukagulitsa pa Linthipe. Ndine mkamwini, ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga, ndipo thupi Mulungu anandipatsa mosaumira. (Ena amati n'chipisi. Ine ndimati n'chibadwa.) Tili ndi mwana wamkazi, Tadala, wamfupi ngati mayi ake koma wolimba mtima kuposa tonse m'nyumbamo.

M'nyengo yozizira kunabwera anthu a zisangalalo zoyendayenda n'kumanga makina awo pabwalo lina ku boma. Panali akatungwe ozungulira, timagalimoto togundana, komanso chibwato chachitsulo cholendewera m'mwamba, chimene chimapita uku n'kubwerera uko mpaka okweramo kutsala pang'ono kuzondoka. Anzake a Tadala kusukulu atakwera chibwatocho, mwanayo sanakambenso nkhani ina. Anatiuza kuti polowera pake pali mtengo wolembedwa mzere wofiira, ndipo mwana wosafika pamzerewo amabwezedwa. Wofikapo koma akadali wamng'ono amakwera ndi munthu wamkulu pambali pake. Mayi ake anali oyembekezera, choncho sakanaloledwa.

"Ababa, mudzakwera nane?"

"Ndidzakwera nawe, mwana wanga. Ukadzachita mantha udzandigwire ineyo."

Kuyambira tsiku limenelo Tadala ankadziyeza pachitseko m'mawa uliwonse, madzulo n'kumalendewera panthambi ya mtengo wa mapichesi kuti atalike. Nkhawa yanga yonse inali pa msinkhu wa mwanayo. Sizinandifikire m'mutu kuti kumeneko amayezanso akuluakulu.

Loweruka tinanyamuka anthu anayi: ine, Tadala, mayi ake, ndi apongozi anga, amene anati akufuna akagule ulusi wolukira ku boma. Apongozi ndi ine timalemekezana mwachikale. Sitikhala pamphasa imodzi, sitiyang'anana m'maso, ndipo tikakumana panjira mmodzi amapatuka. Akafuna kundiuza kanthu amauza mwana wawo, ngakhale ine ndili pomwepo ndikumva ndi makutu anga. Dzina langa anali asanalitchulepo chikwatirire ine pamudzipo. Kwa iwo ndine abambo ake a Tadala, basi.

Kunazizira tsiku limenelo, nkhungu ili tolo m'mapiri. Ndinavala vesiti, malaya, majuzi awiri ndi chijekete cha pakaunjika chimene ndimapita nacho kumsika. Ndikayenda ndinkaoneka ngati ndanyamula munthu wina m'kati.

Tinafika pamtengo woyezera. Mayi ake anali atamumanga Tadala tsitsi loloza kumwamba, koma mkulu woyendetsa makinawo analipanikiza ndi chikhatho. Anayang'ana mzere, anayang'ana mwana. Kenaka anati, "Wakwana. Alowe ndi bambo ake." Tadala analumpha, ine ndinatulutsa chifuwa ngati kutalika kwakeko ndinachita kumuumba ndekha.

Tinakhala pampando wathu. Aliyense ali ndi chitsulo chake chimene chimatsika kuchokera kumutu n'kudzatseka pamiyendo, ndipo chikatseka chimalira kuti khethe. Cha Tadala chinati khethe. Cha mayi wina kutsogolo, khethe. Changa chinatsika, chinafika pamimba, n'kuima.

Mkulu uja anakankha. Chitsulo chinalowa pang'ono m'majuzi n'kubwerera.

"Akulu, tavulani jeketeyo."

Ndinavula ndikuseka, kuti anthu aone kuti vuto ndi zovala. Anakankhanso. Zii.

"Juziyo nayonso."

Ndinavula juzi yoyamba, kenaka yachiwiri. Zovala zinkaponyedwa kwa mkazi wanga kuseri kwa mpanda, iye n'kumaziwunjika paphewa ngati wogulitsa. Anthu odikira pamzere anayamba kuwerenga mokweza. Wina anafuula kuti, "Pitirizani, bwana, munthuyo tim'peza!" Malaya atachoka ndinatsala ndi vesiti yobooka pamchombo, ndipo mphepo ya Dedza inandilandira bwino lomwe. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti apongozi alipo. Ndinaponya diso. Anali atatembenuka, akuyang'anitsitsa mpanda wa malata ngati pali zolemba zofunika. (Mayi amenewa Mulungu awadalitse. Ulemu wotere suphunzitsidwa kusukulu.)

Mkulu uja anaitana mnzake. Anandiuza kuti ndipumire m'kati, iwo akankhe awiri. Ndinakoka mimba mpaka maso anatong'oka, ndinaona nyenyezi masanasana. Chitsulo chinayandikira, chinatsala kachala kamodzi, koma khethe sanamveke.

"Akulu, pepani. Chikapanda kulira sitinyamuka."

Ndinayang'ana Tadala. Sanalire. Anangogwira chitsulo chake ndi manja awiri n'kunena motsitsa kuti, "Ababa, mukatsika inu, inenso anditsitsa?"

Mawu amenewo anandilasa mumtima, ndipo nzeru zanga zinathawira pomwepo. Ndinapempha mkazi wanga apise m'thumba la jekete, mmene simusowa malegeni, timizere ta chubu cha galimoto timene timamangira katundu panjinga. Ndinawatambasula pamaso pa gulu lonse.

"Achimwene, tamverani. Ine ndimamanga matumba a mbatata panjinga ndi zimenezi, n'kutsetsereka nawo mapiri onse a ku Kabwazi. Silinagwepo ngakhale limodzi. Ingondikulungani kumpandoku, mfundo ndimanga ndekha."

Ndinkanena zoona, ndipo ndinali wotsimikiza. Ndinali nditayamba kale kuzunguliza legeni m'chiuno. Mkuluyo sanaseke. Anandigwira dzanja mwaulemu n'kunena kuti, "Akulu, thumba la mbatata likagwa mumatola n'kubwezera m'thumba. Inu mukagwa kuchokera uko, mwanayu tidzamuuza chiyani?"

Ndinasiya kumanga. Legeni inali lende m'manja.

Kenaka ndinamva mawu a apongozi, akuyang'anabe malata aja. "Iwe, uwauze abambo ake a Tadala atsike avale. Angadwale chibayo."

Mkazi wanga anatembenukira kwa ine. "Akuti mutsike muvale."

"Ndamva. Uwauze kuti zikomo."

"Akuti zikomo."

"Uwauzenso kuti mwanayo asatsike," anatero apongozi.

Anthu anali atagwira nthiti, koma kuseka kunadukiza pamene apongozi anamangitsa chitenje, kukonza duku, kupatsira mwana wawo chikwama, n'kuyamba kukwera masitepe. Mayi amene amapemphera korona minibasi ikangothamanga pang'ono! Ine ndinapatuka kuwapatsa njira monga mwa mwambo, nditafungatira mimba ndi manja awiri. Mkulu uja anawafunsa ngati ali ndi vuto la mtima kapena kuthamanga kwa magazi. Iwo anati, "Ndimalima ndekha dimba, tsitsani chinthucho." Chinatsika mosavuta, khethe, malo n'kutsalako.

Bwato linayamba pang'onopang'ono. Apongozi anakhala mowongoka ngati ali m'tchalitchi. Litakwera pang'ono anatchula Amayi Maria. Litakweranso anayamba kuitana oyera mtima mmodzimmodzi. Litafika pamwamba penipeni, duku linauluka, ndipo mayi aja anakuwa dzina langa. Dzina langa lenileni, laubwana, lopanda ngakhale "a" kutsogolo. Atalitchula anapitiriza kukuwa:

"Iwe! Auze aimitse! Iweee!"

Mkazi wanga, mwa chizolowezi, anandikodola. "Akuti muwauze aimitse."

Koma ine maso anga anali pa Tadala. Pamwamba paja thupi lake linanyamuka pampando, miyendo ili m'malere, ndipo chomugwira chinali chitsulo chija chokha. Ankaseka kukamwa kuli yasa. Ndinayang'ana legeni imene inali m'manja mwanga, thukuta linatuluka ngakhale kunkazizira. Ndinaibisa msanga m'thumba la buluku. Ndinachita manyazi, komanso mumtima ndinamuthokoza mkulu wokana uja kuposa mmene ndinathokozerapo munthu aliyense.

Bwato litaima, apongozi anatsika akudzandira, mutu uli pamtunda, imvi zili nyankhalala. Pasitepe yomaliza mwendo unawakana, ndipo dzanja limene linali pafupi linali langa. Analigwira mwamphamvu. Tinayenda choncho mpaka pabenchi, mkamwini ndi apongozi ake, ine juzi nditavala chammbuyo. Atapuma, anandiyang'ana m'maso koyamba n'kunena okha, osadzera mwa munthu: "Bambo, chikadzabweranso chinthu chimenechi, mudzakwere nokha. Ine ngongole ya lonjezo lanu ndalipira kamodzi."

Tadala anabwera akuthamanga n'kundikumbatira pamimba pomwe panalakwa paja, manja ake osakumana kumbuyo.

"Unachita mantha?" ndinamufunsa.

"Pang'ono. Ndinagwira agogo, koma ndimayang'ana inu." Anakweza mutu kundiyang'ana. "Ababa, kumwamba kuja mumaoneka aang'ono. Mukanakwana."

Ndinatembenuka n'kunamizira kuti mphepo yandilowa m'maso.

Masiku ano ndikamabwerera kuchokera pa Linthipe ndimapalasa njinga mpaka pamwamba pa zitunda, sinditsikanso n'kumakankha. Lamba wasuntha bowo limodzi. Tadala ndiye amandiyeza mimba pakhomo ndi chingwe choyanikira zovala, ndipo akapeza kuti sizikusintha amafunsa kuti ndadya chiyani kumsika. Ndimamuuza zoona, kupatula masiku amene wokazinga chipisi wandiwonjezera mbasela, chifukwa kukana mphatso n'kupanda ulemu.