Aroma Adikire, Kwabwera Alendo

Lolemba

Tiyanjane waimbanso foni kuchokera ku Lusaka. Akuti, "Amayi, Lamulungu ndikubwera kudzakutengani. Simungakhale nokha m'nyumba imeneyo." Ndamuuza kuti muno mu Kapata sindingachoke, ndili ndi kalasi. "Kalasi yanji?" Ndati adzaiona yekha. Tapangana kuti akaipeza ikuyenda, andisiya. Mwana ameneyu anatengera bambo ake, nkhani yopanda umboni saimva.

Mwezi sunathe chiwaikire m'manda amuna anga, aTembo. Iwo ankaphunzitsa mbiri yakale, ine Chingerezi, mpaka tonse tinapuma. Ankakonda kunena kuti mawu a Chingerezi ali ngati mbuzi: ukawapatsa msipu wabwino amaswana. Ndiye nzeru yanga ndi imeneyo. Kutenga liwu limodzi, kulilumikiza kachidutswa kutsogolo kapena kumbuyo kuti libereke anzake, msipu wake nkhani za m'mabuku a aTembo.

Ophunzira ndinawapeza dzulo potuluka m'tchalitchi:
Amake Dali, ogulitsa tomato pamsika, akufuna kulembanso mayeso a giredi 12.
AZulu, onyamula anthu pa njinga. Akuti azungu akawafunsa njira amangoloza ndi mlomo.
Esinati wa ku saluni. Sananene chifukwa. Ndikuganiza kuti kuli mnyamata.

Ndondomeko:
Lero Aigupto: build, builder, rebuild.
Mawa Aroma: empire, emperor.
Lachitatu kuukira mafumu ku France: revolt, revolution.
Lachinayi nkhondo zikuluzikulu.
Lachisanu ufulu wa maiko a mu Africa.
Loweruka kubwereza.

Madzulo. Abwera onse atatu! Mipando ndaika pansi pa mtengo wa mapeyala, bolodi ya aTembo ndaitsamiritsa pakhoma. Koma mipando aikana. Ndinaiwala kuti chichitikire maliro sanafikepo pakhomo pano. AZulu avula chipewa n'kukhala padothi. Amake Dali ayala chitenje. Zii. Kenako Esinati wayamba kulira. Atatonthola, aZulu akuti, "Madamu, pepani. Kaya matenda anayamba bwanji?"

Munthu akafunsa chomwecho sungamuyankhe za mapiramidi. Ndafotokoza zonse, kuyambira chifuwa chija cha nthawi yozizira mpaka m'mawa womaliza kuchipatala. Tiyi. Kuwaperekeza mpaka pamsewu.

Mawu amene taphunzira lero: palibe.

Lachiwiri

Aigupto tawadumpha. Adikira kale zaka zambirimbiri, sangadandaule.

Lero onse ali pamipando, makope pamiyendo. Ndalemba empire pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu. Chokochi ndi chimene aTembo anasiya m'thumba la jekete. Ndikuyamba kufotokoza kuti Aroma anayamba ndi kamudzi chabe m'mbali mwa mtsinje.

"Odi!"

Ndi aYohane a ku Tamanda, msuweni wa aTembo, kalaliki wopuma, ndi akazi awo. Nthawi ya maliro anali ku Malawi. Mphasa. Zii. Kulira. Matenda anayamba bwanji. Pocheuka ndapeza kuti kalasi yanga yagawana ntchito popanda woiuza: Amake Dali ali pambaula, Esinati akutsuka makapu, aZulu apalasa kukagula mabanzi.

Atamwa tiyi, aYohane ayang'ana bolodi nthawi yaitali. "Mlamu, mwezi usanathe mukuimirira pamaso pa anthu n'kumakweza mawu? Kwathu wofedwa amakhala pansi, amalankhula motsitsa."

Abwera ndi chikwama chachikulu. Sakubwerera lero.

Lachitatu

Ndikuphunzitsa nditakhala pamphasa, miyendo yowongola, mawu otsitsa. AYohane ali pakhonde ndi nyuzipepala, koma sakutembenuza tsamba.

Tangoganizani, kunong'oneza za anthu akugumula ndende ndi kudula mitu ya mafumu! AZulu akungosendeza mpando. "Madamu, mwati anadula chiyani?" Ndabwereza, monong'onabe. Iwo agwira pakhosi pawo.

Nditakhala chonchi ndikungofika mmunsi mwa bolodi. Revolt ndailemba pafupi ndi dothi, nkhuku ndiyo ikuiwerenga bwino. Empire ikadali pamwamba payokha.

Amake Dali atamva kuti zonse zinayamba ndi kudula kwa buledi, awomba m'manja. "Amenewo ndiye ndikuwamvetsa!" Kuchoka apo nkhani yakhala ya mitengo ya zinthu pamsika, ndipo akazi a aYohane alowererapo ndi za feteleza. Esinati waitanidwa, akuti wasiya kasitomala mutu theka woluka. Revolution sinabadwe.

ATembo phunziro limeneli ankaliphunzitsa atakwera pa desiki. Chaka china anagwa, n'kupitiriza ali pansi, ati ndi mmene ufumu umagwera. Ndaika makapu awiri patebulo posadziwa. Ndabweza imodzi.

Lachinayi

Nkhani yabwino: kalasi yakula! Amake Dali aitana anzawo a pamsika.

Nkhani yoipa: sanabwere pamodzi. Aliyense akudikira woti amusiyire benchi yake, ndiye akufika payekhapayekha. Ndipo aliyense n'koyamba kufika pakhomo pano. Ndikangomaliza za m'mawa womaliza, ndipukute maso, nditole choko, "Odi!" Mphasa. Zii. Chifuwa cha nthawi yozizira.

Ophunzira akachuluka, phunziro likuchepa. Masamu amenewa kukoleji sanatiphunzitse.

Tsopano nkhani ya aTembo ili ndi eni ake ambiri. Amake Dali akundikonza: "Madamu, mwadumpha zoti anakana phala." AZulu alanda gawo la nesi uja amene anabwera kudzawasambitsa, aTembo n'kuyamba kumufotokozera za mabafa a Aroma, madzi mpaka kuzizira m'beseni. Amaliseweretsa bwino, ndi chala m'mwamba, ngati analipo. Anthu aseka. Nanenso ndaseka, mokweza, koyamba. AYohane akhosomola pakhonde. Kenako ndaona nyuzipepala ikugwedezeka.

Nkhondo zikuluzikulu sizinayambe n'komwe. Dziko lapulumuka.

Lachisanu

Kwaya ya ku Nabvutika, kumene aTembo ankaimba besi. Ankaimba mochedwa pang'ono nthawi zonse, koma palibe ankawauza. Abwera onse, ndi ng'oma yomwe.

Mmene zinthu zilili:
Bolodi aigoneka pa ndowa ziwiri, ndi tebulo la makapu.
Choko chagwera m'tiyi.
Buku lalikulu la mapu achirikizira mwendo wa benchi.
Shuga watha.
Ophunzira anga ali pakati pa kwaya, ndipo Esinati ali ndi mawu abwino. Mnyamata uja ndamuona, ndi wa ng'omayo.

Ufulu wa Africa wachedwanso.

Pomaliza aimba nyimbo imene aTembo ankaikonda. Atafika pamene besi imalowa yokha, abambo onse angokhala chete, kuwasiyira malo. Ine ndapita kukhitchini kukaona ngati madzi awira. Pambaula panalibe poto.

Loweruka

AYohane apita m'mawa. Pochoka andigwira dzanja: "Mlamu, mwayesetsa kukhala pansi." Andisiyira nsawawa ndi nyuzipepala yawo.

Kubwereza! Ndaimirira, ndakweza mawu, miyendo yachita dzanzi ndi chimwemwe. Bolodi ili ndi mabwalo a makapu koma ikulembeka. Abwera atatu oyamba aja okha, anzawo a pamsika akuti iwo anapepesa kale.

Ndafunsa kuti kuchokera ku revolt tingapange liwu lanji. Amake Dali akuyang'ana mapeyala. Esinati akuyang'ana zikhadabo. AZulu akuyang'ana njinga, Loweruka ndi tsiku la makasitomala.

Esinati akuti, "Madamu, bwanji mutiloweze mawu angapo aliyense? ATiyanjane sadziwa." Ndamuuza kuti mwana wa aTembo amafunsa funso lachiwiri. Tayesabe. Pofika masana aZulu aitanidwa kukanyamula matumba a chimanga, Amake Dali akumbukira tomato wawo ali padzuwa. Potsanzika onse akuti, "Musadandaule Madamu, mawa tidzakuimirani."

Ndatsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu. Kungoipukuta fumbi basi.

Lamulungu

Tiyanjane wafika tikutuluka m'tchalitchi. Waonda. Walowa kuchipinda, waima pakhomo kuyang'ana jekete ya bambo ake, n'kutuluka.

Ophunzira afika ndi zovala za kutchalitchi, makope m'manja. Ndaloza mipando. Aikananso! Tiya anabwerera ku ntchito atangoika maliro, ndiye iyenso sanamupepese. Mwana wanga wa ku Lusaka wavula nsapato zake zazitali, wakhala pamphasa.

AZulu anena pepani, koma funso lija alimeza. Tiya sangaliyankhe, anafika bambo ake atapita kale, ndipo ine sindinathe kumuuza zambiri pafoni. Ndiye Amake Dali ayamba okha. Chifuwa. Phala limene anakana. AZulu ndi chala m'mwamba, nesi ndi beseni lake. Esinati wanena mawu omaliza amene aTembo anandiuza, oti ndisabwereketse mabuku awo kwa aYohane. Sanadumphe kanthu, sanasokoneze ndondomeko. ATembo akanawapatsa mamalikisi onse. Tiya walira, waseka, waliranso atagoneka mutu pamiyendo yanga.

Kenako wapukuta maso. "Nanga Chingerezicho?"

AZulu aimirira, akonza kolala. "Empire!" Akhala pansi.

Tiya wadikira. Palibe wawonjezera. Wandiyang'ana ndi maso a bambo ake, ine ndapita kukatsegula sutikesi.

Tinyamuka mawa ndi basi ya m'mawa. Akuti mpaka mvula ithe, kenako tiona. Makiyi ndisiyira Amake Dali, nkhuku ndapatsa Esinati. AZulu akuti katundu anyamula okha mpaka kusiteshoni, ndipo ndisayerekeze kutsutsa. Mabuku ndatenga awiri, Tiya akuti ena onse akulemera.

Akuti kwake kuli bata, geti imakhala yokhoma, palibe amene azidzandivutitsa. Akunena mondikomera mtima, ndipo ndavomera. Kumeneko palibe amene ankawadziwa aTembo, ndiye palibenso amene adzandifunse kuti matenda anayamba bwanji.