Buku la Takondwa Lafika ku Nsambe

Lolemba

Wonena ndine, olemba ndi amake Takondwa, chifukwa ine sukulu ndidalekezera Sitandade 2 ndipo dzanja langa lidazolowera khasu. Lembani bwino, musawonjezere zanu.

Katoni yafika! Wabwera nayo wa njinga yamoto kuchokera ku Zalewa, fumbi lokhalokha. M'kati muli mabuku a mwana wathu Takondwa, amene amagulitsa m'sitolo ya mankhwala ku Blantyre. Walemba yekha, wasindikizitsa yekha, popanda kampani kapena bwana womuuza chochita. Chikuto chakuda, duwa lofiira, pansi pake dzina lake ndi dzina langa. Zilembo za dzina langa ndimazidziwa. Ndaziwerenga kasanu, zilipo zonse.

Pa foni akuti ndi nkhani ya chikondi, koma ndiyambe ndaimva ndisanapatse anthu. Ana amakono! Ine ndakhala nkhoswe ya maukwati khumi ndi anayi. Awiri okha ndiwo adatha, ndipo umodzi mwa iwo udatha ndi imfa. Cha chikondi chimene chingandidabwitse n'chiyani?

Zochita sabata ino:
1. Kupempha abusa kuti Lamulungu alilengeze kutsogolo ndi kulipempherera.
2. Kupereka mabuku kwa anthu oyenera.
3. Kuchapitsa jekete.
4. Kumva bukulo, mpata ukapezeka.

Lachiwiri

Kuzizira, koma ndadzuka ndi nyimbo pakamwa.

Abusa avomera. Akuti mwana wa mkulu wampingo kulemba buku ndi ulemu wa mpingo wonse. Ndiima nawo kutsogolo ikatha kwaya. Ndayesa kale kaimidwe kuseri kwa nkhokwe: buku kudzanja lamanja, lamanzere pamtima.

Amene alandira:
Amayi busa, limodzi. Alandira ndi manja awiri.
Agnesi, mwana wa mlongo wanga, amene akulowa m'banja mwezi wamawa ndipo nkhoswe yake ndine. Ndamuuza kuti zonse za banja zili m'menemo, awerenge mofatsa.
A Chikopa, mkulu wampingo mnzanga, limodzi. Awa ndawapatsira dala. Zaka zitatu tsopano tikumva za mwana wawo wa ku Joni ndi malata amene adatumiza. Malata amachita dzimbiri, a Chikopa. Buku silichita.

Pobwerera ndadutsa dala pachigayo, ngakhale ndilibe chogayitsa. Aliyense wondipatsa moni ndikumuyankha ndi buku m'manja. Mmodzi wandifunsa za mwendo wanga, ndamuyankha za Takondwa.

Amake Takondwa akuti kodi si bwino kulimva kaye monga adanenera mwana. Ndawauza kuti mbatata sizidikira. Mawa.

Lachitatu

Ndikusankha mbatata za kachewere pakhonde, amake Takondwa akuwerenga mokweza.

Tsamba loyamba, limene ine ndimayesa n'lothokoza makolo, ndi chenjezo. Akuti bukuli si la ana, muli nsanje, nkhanza ndi zina za akuluakulu. Mbatata yagwa m'manja.

Nkhani yake nayi. Kuli munthu dzina lake Robati, wolemera, wosaseka, nyumba yake ili pamwamba pa phiri. Kulinso mtsikana wina, Alinafe, amene mlongo wake adawotcha nkhokwe ya Robati. M'malo mopita kubwalo, Robatiyo akutenga mtsikanayo n'kumutsekera m'nyumba mwake. Ndikudikira kuti malume afike. Mutu woyamba watha, malume kulibe. Wachiwiri watha. Mutu wachitatu mtsikanayo wayamba kuona kuti manja a Robati ndi okongola!

Zolakwa za Robati mpaka pamene tafika:
Sadafunsire mbeta.
Ankhoswe sakuwadziwa n'komwe.
Amalankhula ali chiimire pakhomo, osapempha kulowa.
Wathyola mkono wa mnyamata amene adangopereka moni.
Sapemphera pakudya.
Malaya savala kawirikawiri, ngakhale kuphiri n'kozizira.

Pena amake Takondwa akungotembenuza masamba awiri atatu osawerenga. Ndikafunsa akuti, "Apa akungocheza." Kucheza kotani kofuna masamba atatu?

Ndalamula kuti asiye. Asiya mokweza, koma milomo ikuyendabe.

Ndakumbuka Agnesi. Ndakumbuka amayi busa, ndi manja awo awiri aja. Ndakumbuka a Chikopa. Kachewere ndasankha mosokoneza, zowola zalowa m'thumba la zabwino.

Lachinayi

Zochita zasintha. Chochita n'chimodzi: kukatenganso mabuku atatu aja dzuwa lisanapendeke.

Kwa abusa. Abusa kulibe. Amayi busa atuluka mochedwa, chala chili pakati pa buku. Kukhitchini kukununkha nyemba zopserera. Ndanena kuti m'bukumo mwapezeka zolakwika za kosindikiza, ndikufuna kukalisintha. Akuti, "Ndikuliunika kaye mosamala, a nkhoswe, kuti ndidziwe chochenjeza atsikana." Chala sichidachoke. Ali kupitirira theka.

Kwa Agnesi. Adamaliza dzulo lomwe. Lili kwa mnzake wa m'kwaya, ndipo pambuyo pake pali anthu anayi pamzere. Wandithokoza ndi maso owala amene sindidawakonde.

Kwa a Chikopa. Ndawapeza pakhonde, magalasi pamphuno, buku pamwendo. M'bukumo aikamo timasamba ta nthochi tosonyeza malo. Timasamba tambiri. Andipatsa mpando mwaulemu wonse, afunsa za mwendo, za mbatata, za mvula ya chaka chatha. Kenako akuti, "Mwana wanu ali ndi luso. Zonsezi adaziphunzira pakhomo?"

Ndayankha kuti ndili ndi mbuzi kudambo. Mbuzi ndilibe, ndipo iwo akudziwa.

Mabuku obwezedwa: palibe.

Kunyumba katoni yapepuka. Amake Takondwa akuti amayi ena adabwera kudzapempha mchere. Amayi asanu ndi mmodzi, tsiku limodzi, onse mchere! Olemba akuseka. Musaseke, lembani.

Lachisanu

Ndakwera pachulu cha kumunda, pamene foni imagwira bwino. Mwendo ukudandaula.

Ndamuimbira Takondwa. Ndayamba modekha, monga ndimayambira milandu ya mabanja. Ndamuyamikira chikuto. Ndafunsa ngati akudya bwino. Kenako ndafunsa kuti malume ake a Alinafe ali kuti. Waseka mpaka kutsokomola.

Zimene ndamva: amalemba m'mamawa pa foni asanapite kuntchito, ndiponso m'minibasi. Amatumiza pang'onopang'ono ku gulu la amayi pa foni, anamwino, aphunzitsi, ogulitsa kaunjika, ndipo iwowo amamuuza pamene nkhani yazizira. Chikuto adajambula mnzake, zolakwika adakonza mphunzitsi wina, mabuku amayenda nawo yekha m'chikwama. Akuti makampani osindikiza amafuna mabuku a sukulu, ndiye sadadikire munthu. Apa ndanyadira pang'ono, ndisaname.

Akuti adayesapo kulemba za mwamuna wabwino, wotunga madzi, wofika pakhomo dzuwa lisanalowe. Owerenga adathawa ngati kwagwa njuchi. Mwamuna ameneyo ndikumudziwa. Ndine.

Ndanena kuti buku liyenera kuphunzitsa. Akuti, "Ababa, ambiri mwa amayi amene amawerenga ali ndi a Robati awo kunyumba. Wa m'bukuyu yekha ndiye amagwada pamapeto, ndipo akawatopetsa amangomutseka."

Ndakumbukira ena mwa maukwati anga khumi ndi awiri amene sadathe aja. Ndanena kuti foni ikuduka, ngakhale imamveka ngati ali pambali panga.

Komabe nkhoswe sibwerera chimanjamanja. Masana ndakhazika amake Takondwa pansi, ndanena mutu womaliza watsopano woti timate kumapeto kwa buku lililonse:
Malume afika ndi anthu awiri.
Robati avala malaya.
Apepesa ndi nkhuku.
Alinafe abwerera kwawo miyezi itatu.
Ulangizi, magawo asanu ndi awiri, onse olembedwa mokwanira.
Ukwati woyera.

Masamba anayi! Olemba ayasamula kasanu. Akuti pa gawo lachitatu la ulangizi ngakhale Robati akadathawa. Ndawakumbutsa kuti ulangizi womwewo ndi umene udamanga mudzi uno. Akuti inde, n'chifukwa chake mudzi uno ukupempha mchere.

Loweruka

M'mawa wafika Yohane, bwenzi la Agnesi, mnyamata wofatsa wokonza njinga. Chipewa m'manja. Akuti Agnesi wamufunsa chifukwa chake sachita nsanje, ndiponso ngati angathyole munthu mkono chifukwa cha iye. Iye wayankha kuti mkono ayi, koma atha kumukonzera njinga mwaulere. Agnesi sakumulankhula kuyambira dzulo. Akufunsa ngati zimenezi zili m'malangizo amene ndidapereka.

Ndamuuza kuti asathyole kanthu. Ndapita kwa Agnesi, ndakhala naye pamodzi ndi amayi ake ola lathunthu. Ndamufunsa ngati angakonde kutsekeredwa m'nyumba tsiku la msika. Akuti ayi. Ukwati ulipobe, koma amayi ake sadandiperekeze.

Masana kwa abusa, masamba anga anayi m'thumba. A Chikopa ali kale pampando, timasamba ta nthochi tili pa tebulo. Abusa sakundiyang'ana m'maso. Ndapereka mutu wanga, ndafotokoza kuti tikamata uwu bukulo likhala lothandiza achinyamata. Awerenga mpaka kumapeto, Mulungu awadalitse. Akuti ndi ulaliki wabwino, ndiwusunge. Akuti koma mawa zolengeza zachuluka kwambiri, tidzaone nthawi ina.

"Nthawi ina" ndimaidziwa. Ndimainena ndekha kwa anyamata ofunsira amene sindikuwafuna.

Potuluka ndamva amayi busa akufunsa kuchipinda ngati a Chikopa amaliza nalo lawo, chifukwa m'lawo muli tsamba losaoneka bwino.

Pa zochita zinayi za Lolemba: choyamba chagwa, chachiwiri ndikadakonda chikadagwa, chachinayi chafika pa mutu wachitatu. Jekete yauma.

Lamulungu

Ndavala jekete. Buku lili m'thumba lam'kati, likundibaya m'nthiti. Sindikudziwa chimene ndalitengera. Mwina abusa asintha maganizo, mwina mlembi wa mpingo alakwitsa n'kuwerenga.

Zolengeza:
Maliro a kutsidya.
Kwaya ikumane Lachitatu.
Amene adabwereka benchi abweze.
Malata a chimbudzi cha abambo, mphatso yochokera ku Joni. Kuwomba m'manja. A Chikopa aimirira, dzanja pamtima.

Basi. Zolengeza zochuluka zija ndi zimenezi. Ndawomba nawo m'manja, pang'ono.

M'kati mwa tchalitchi palibe mayi amene wandiyang'ana. Panja andipatsa moni oposa khumi, onse motsitsa mawu, onse akufunsa ngati mwana ali bwino kutauni ndiponso ngati akulembabe. Mmodzi, wamkulu kuposa ine, wandigwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti ndimuuze mwanayo kuti adalira pa mutu womaliza. Sindidafunse chimene chidawaliza. Mwamuna wawo ndidamuweruzapo kawiri.

Madzulo Takondwa waimba foni. Ndakweranso pachulu. Akufunsa ngati adalengeza. Ndanena kuti sadalengeze, koma palibe khomo limene silidamve. Kenako, ndi mawu aang'ono ngati a nthawi imene adaswa mtsuko wa amayi ake, akuti, "Ndakuchititsani manyazi, ababa?"

Ndayang'ana kumudzi. Nyumba ya a Chikopa ikuwala.

Ndanena kuti amene wandichititsa manyazi ndi Robati. Iweyo ayi. Dzina langa lisachoke pachikuto.

Wapuma mwamphamvu. Ndapezerapo mwayi wofunsa ngati m'buku lachiwiri muli malume. Akuti alimo, ndipo wayamba kale kuwalemba. Ndathokoza Mulungu mokweza pachulu pomwepo.

Akuti malumewo ndiwo oipitsitsa.

Tsekani kope, amake Takondwa. Mbatata zowola zija zikudikira.