A Lerolino ndi Kope Lawo la Masiku

A Lerolino sankameta munthu asanamuuze zimene zinachitika padziko tsiku ngati limenelo. Dzina lawo lenileni tinaliiwala kalekale. Ukangokhala pampando, iwo ankakumanga nsalu m'khosi, n'kutsegula kope lawo lakuda, lonenepa ngati njerwa, tsiku lililonse tsamba lakelake.

"Lerolino," ankayamba choncho, makina ali m'mwamba, ndipo iwe unkangodziwiratu kuti kuntchito wachedwa basi.

Mphunzitsi wina anabwera m'mawa wa ukwati wake, pa 15 Epulo. Atamumeta mbali imodzi, a Lerolino anaima.

"Aphunzitsi, tsikuli anakusankhirani ndani? Lerolino, mu 1912, sitima yaikulu ya pamadzi inamira, anthu oposa chikwi n'kuthera pomwepo. Lerolinonso, mu 2019, tchalitchi chachikulu cha ku Paris chinapsa."

"Ndiye ndisakwatire?"

"Kwatirani. Pa sitima ija ena anapulumuka."

Tinaseka mpaka kugwira nthiti. Mkwati yekha ndiye sanaseke.

Tsiku lina kunabwera mayi ena ogulitsa makala, amene mwana wawo anagundidwa ndi galimoto chaka cham'mbuyo. Sanabwere kudzametetsa. Anangoima pakhomo, manja ali bii.

"Bambo, pa 11 Novembala panachitika chiyani?"

A Lerolino anavundukula masamba. "Mu 1918 nkhondo yoyamba ya dziko lonse inatha, mfuti zinakhala chete. Mu 1975 Angola inalandira ufulu."

"Basi?"

"Zimene ndinalemba n'zomwezo, mayi."

"Mwana wanga anamwalira tsiku limenelo. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Palibe amene amamutchulanso, ngakhale bambo ake."

A Lerolino anazimitsa makina. Anafunsa dzina la mwanayo, n'kulilemba pansi pa Angola, zilembo zake zazikulu chimodzimodzi. Kenako analiwerenga mokweza. Mayi aja anakhala pabenchi n'kulira, ndipo palibe anawaletsa.

Kuyambira pamenepo anthu ankabwera ndi masiku awo: uyu la mkazi wake, uyu la mchimwene, wina la khanda limene silinafike popatsidwa dzina. Kope linadzaza mpaka kumatamo mapepala ena. M'mawa uliwonse, akatha za nkhondo ndi zivomezi, a Lerolino ankawerenga mayina a anthu athu, ife titaimirira, wina mutu uli wometa theka.

A Lerolino anamwalira mwezi wa Juni, atadwala sabata imodzi yokha. Mwana wawo wamkazi anatenga kope lija kupita nalo kumene anakwatiwa. Sitinamuletse, linali la bambo ake.

M'chipinda chawo chometera chija tsopano amagulitsamo mafoni. Wometa watsopano ali tsidya la msewu, ndipo ntchito amaidziwa ndithu. Sayankhula, mphindi khumi watha. Timatuluka mitu ili bwinobwino, n'kuima pakhonde kaye, kuyang'ana uku ndi uku. Kuntchito timafika msanga masiku ano.