Masiku Anga Atatu a Thobwa

Lolemba

Pakhoma la ofesi amatapo pepala latsopano. Lachizungu. Ndaima pamenepo ngati ndikuwerenga, koma zimene ndazindikira ndi ziwiri zokha: dzina la esiteti ndi sitampa.

Esinati, mnzanga wa mzere woyandikana nane pothyola tiyi, wakafunsa kwa kalaliki. Akuti abwana atsopano asintha malamulo a tchuthi. Nyengo ya mvula palibe wochoka, masamba achuluka. Zopempha pakamwa zatha. Zonse zimene a kapitawo analemba kale m'buku mwawo zafafanizidwa.

Zafafanizidwa! Masiku anga atatu ali m'buku momwemo! Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu la sabata ya mawa. Loweruka lake ndi chinkhoswe cha achemwali kwathu ku Kapichi, ndipo wophika thobwa ndine. Ndikapanda kupita aphika azakhali. Thobwa lawo lomaliza linasasa mpaka mkulu wa mpingo anavula jekete n'kuvina tchopa. Achemwali anandigwira dzanja: "Iwe, usandichititse manyazi kwa apongozi."

Zochita:
1. Kulankhula ndi a kapitawo.
2. Osanjenjemera.
3. Kuyang'ana kumaso kwawo, osati nsapato.

Lachiwiri

Kuyambira m'mawa ndikuyeserera mawu pa mitengo ya tiyi. Imamvetsera bwino, siyankha mwano.

A kapitawo a Makwinja afika pa mzere wanga. Ndati, "Mwadzuka bwanji?" Ayankha. Ndatinso, "Mwadzuka bwanji?" Ayankhanso, koma akundiyang'ana ngati ndadwala malungo. Kachitatu ndangotsegula pakamwa, mphepo yokha.

"Ngati ulibe mawu, mwali, uli ndi manja. Masamba awiri ndi kansonga, osati nthambi!"

Apita. Nsapato zawo ndi zakuda, yakumanzere inang'ambika pachala. Nambala 3 yalephereka. Nambala 1 ndi 2 nazonso.

Lachitatu

Esinati watopa nane. "Iwe udzafa ndi mawu m'mimba ngati thumba losamasula!" Nthawi yopuma wandikokera pansi pa bulugamu pamene amakhala a Namaona, mayi wa yuniyoni wotiyimira kwa mabwana. Wawafotokozera zonse. Ine ntchito yanga inali kugwedeza mutu.

A Namaona ati, "Masiku amene munagwirira ndi anu, si mphatso ya munthu. Lamulo la tchuthi salisintha pakhoma ngati kalendala, amayamba akhala nafe pansi." Lachisanu masana akakumana ndi mabwana. Aliyense amene analonjezedwa masiku alembe kalata, awapatse tsiku lomwelo pa sikelo yomaliza yoyezera masamba asananyamuke.

Kalata! Zolemba! Bwanji sananene kale? Pakamwa panga m'pouma, koma dzanja langa silichita manyazi ndi munthu.

Ndagula pepala ndi bolopeni pagolosale. Ndalemba kasanu. Yoyamba inali ndi "pepani" asanu ndi awiri. Yachitatu inafotokoza za mkulu wa mpingo, ndang'amba. Yachisanu ndi yabwino ndithu: dzina, nambala yanga ya ntchito, masiku atatu, zikomo.

Lachinayi

Ndati ndipereke kalata lero lomwe, zisandivute mawa. Ndaipinda, ndaimangirira m'chitenje m'chiuno.

Mvula. Osati yowaza, ya Thyolo yeniyeni, yolowa ndi m'makutu momwe. Pepala lapulasitiki limene timavala kutsogolo latchinga mawondo okha. Pofika pa sikelo ndamasula chitenje, ndapeza phala labuluu. Inki yonse yasamukira pamimba panga. Dzina langa likuwerengeka bwino pansi pa mchombo, koma pamenepo sindingawaonetse a Namaona.

Esinati waseka mpaka kukhala pansi m'matope. Mnzanga ameneyu!

Ndalembanso ina. Ulendo uno ndachenjera:
– kalata m'kajumbo ka shuga
– kajumbo kumanga kawiri
– osayika m'chiuno
– kuyika pansi penipeni pa dengu, masamba pamwamba. Mvula imeneyo ione polowera.

Achemwali aimba foni. Ndawauza kuti zonse zili bwino.

Lachisanu

Sindikufuna kulemba za lero. Koma ndilemba.

Tsiku lonse kalata ili kumsana kwanga m'dengu, youma ngati mwana wa bwana. Pa sikelo yoyamba ndakumbukira, ndaichotsa kalata, nditakhuthula masamba ndaibwezera. Yachiwiri chimodzimodzi.

Yomaliza, mzere wautali, thirakitala ikulira, aliyense akukankha. Kalaliki waitana nambala yanga, wayang'ana sikelo, n'kunena mokweza anthu onse akumva: "Wofatsa uja lero waposa gulu lonse!" Anthu atembenuka. Onse! Maso ngati makumi asanu pa ine ndekha. Ndakhuthula dengu lonse m'thumba msangamsanga, ndathawira kumbuyo kwa Esinati.

Matumba akwezedwa. Thirakitala yanyamuka.

Kenako a Namaona akusonkhanitsa makalata. Ndapisa dzanja m'dengu. Mulibe. Ndapisanso, ngati dengu lili ndi chipinda china. Ndayang'ana kumtunda: thirakitala ikukhota pa mlatho, ulendo wa ku fakitale, kalata yanga ili m'kati mwa masamba.

"Alipo watsala?" afunsa a Namaona. Afunsa kawiri.

Ndinangofunika kunena "ine". Mawu amodzi, aafupi. Esinati anali kutali, akukangana ndi kalaliki za makilo ake. Ndakweza dzanja pang'ono, lafika pakhutu, ndadzikanda.

Loweruka

Nkhani yabwino kwa anthu ena. Mabwana avomera kuti anafulumira. Pepala lachotsedwa pakhoma, lamulo latsopano adzayamba akambirana ndi a yuniyoni. Koma poti masamba achuluka, ochoka mwezi uno ndi okhawo amene makalata awo anafika patebulo dzulo. Ena tonse masiku athu sanatayike, tidzatenga mvula ikatha.

Mvula ikatha achemwali adzakhala atazolowera kale apongozi.

Esinati wapatsidwa masiku anayi. Ndamufunsa kumene akupita. "Kukagona!" Atamva zanga wakuwa mpaka agalu a kukomboni ayankha. Wapita yekha ku ofesi kuti andipatse masiku ake. Akana, akuti masiku amayendera nambala ya munthu. A Namaona ayesanso, abwerako akupukusa mutu: "Mwanawe, ufulu unali nawo, koma ufulu sumva kudzikanda khutu."

Nkhani yafalikira gulu lonse. A Makwinja adutsa pa mzere wanga, ati, "Mwali, kalata yako yafika patali kuposa ya aliyense. Athu amathera ku ofesi, yako ikwera ndi sitima limodzi ndi tiyi." Ndayang'ana nsapato. Yakumanzere ija anaisoketsa.

Lamulungu

Nditachoka ku tchalitchi ndapita ku Luchenza. Ndapereka chimera changa kwa wakabaza wa kwathu, chimene ndinameretsa ndekha, kuyanika ndekha, kusinja ndekha. Pamwamba ndamangirirapo kalata ya azakhali, m'jumbo ziwiri:
– muyambe Lachinayi, OSATI kale
– phala lizizire kaye musanathire chimera
– muwiritsenso m'mawa mwake
– musalawe kwambiri

Ine ndidzafika Loweruka masana ndikaweruka, ngati mlendo.

Madzulo azakhali aimba. Chimera chafika, kalata sanawerenge, magalasi anasowa. "Ndinayamba zimenezi iwe usanabadwe. Nditereka mawa lomwe kuti likhwime bwino." Mawa. Lolemba. Masiku asanu lili mumtsuko!

Ndinafuna kunena kuti ayi, azakhali. Ndati, "Zikomo, azakhali."

Mkulu wa mpingo uja waitanidwanso. Basi, akavule jekete.

Ndawiritsa madzi, ndathira masamba a tiyi, ndakhala pakhonde. Ndisanamwe ndayang'ana m'kapu, mwina muli yankho la kalata yanga.