Mmene Ndinaperekezera Nsomba za aJowakimu Kwawo

Amene akuti Likaka ndi wabodza aimirire pompano ndimuone nkhope, asamanong'onere kumbuyo kwa mnzake poganiza kuti makutu anga anakalamba limodzi ndi mawondowa. Ndakumvani inu a kapu yofiira, mwati nsomba za m'nyanja yamchere sizingakhale ku Bangwe kuno. Khalani pansi, bawoyo iyambe yadikira, ndikuuzeni zimene ndinachita ndi manja awa, ndipo ndikanama lilime langa liume tiyi uyu ndisanamalize.

Ambirinu munali musanabwere m'tauni pamene aJowakimu ankakonza mafiriji kuseri kwa msika. Anali Msena wa ku Beira, anathawa nkhondo ali mnyamata n'kuyenda wapansi mpaka kuno, ndipo sanabwererenso chifukwa sankadziwa ngati kwawoko kunatsala munthu. Ine nditafika kuchokera ku Phalombe ndi thalauza imodzi yong'ambika kumbuyo, ndi iwowo amene anandigoneka m'nyumba mwawo, kundidyetsa, kundiphunzitsa kugwira sipanala, mpaka kundiperekeza kokafunsira amake Esinati. Chilichonse chimene ndili nacho lero, ngakhale mkazi amene amandikalipira m'mawa uliwonse, ndimathokoza munthu ameneyo.

Tsono mkuluyo ankaisowa nyanja. Dalaivala wina wa malole a mafuta anawamvera chisoni n'kuwabweretsera tinsomba tiwiri m'chigubu, tofiirira ngati papaya lakupsa, ta mizere yoyera, mkuluyo n'kukonzera tinsombato thanki yagalasi pabalaza, ya pampu yopopera mpweya imene anaichotsa m'firiji yakufa. Madzi ankasakaniza okha ndi mchere, choyezera chake lilime, ndipo ankati akome ngati misozi, asapitirire apo. Akaweruka ankakoka mpando n'kukhala pafupi ndi galasilo, n'kumacheza nato m'Chisena.

Atadwala matenda omaliza anandiitanitsa n'kundigwira dzanja.

"Likaka mwana wanga, ana angawa ndasiyira iwe. Asalowe m'chiwaya, asalawe madzi opanda mchere."

Ndinavomera. Ananenanso kuti akanakonda kukagona kwawo, koma ife tikanawapititsa kwa yani? Tinawaika konkuno, kumanda a kumtunda uko, ndipo nkhani imeneyo inandikhala pamtima osachoka.

Mukumva? Ine ndinabadwa ndi dzanja lodala, nkhuku ndikangoisisita imaikira m'mawa ndi madzulo, ndiye tinsomba tija titangolowa m'nyumba mwanga tinayamba kuswana mopanda manyazi, thanki n'kudzaza, ine n'kuthira zina m'bafa, bafa n'kudzaza, ine n'kuthira m'mabeseni, m'ndowa, m'migolo, m'mapoto, m'ketulo, mpaka m'magambutsi anga a dzinja, moti mlamu wanga atabwera kudzationa n'kupempha madzi akumwa anapeza maso awiri akumuyang'ana kuchokera m'kapu, ndipo mpaka lero akabwera kwathu amanyamula botolo lake. Magetsi akazima pampu inkaima, ine n'kutenga paipi n'kumauzira ndi pakamwa, mpweya umodzi kuyambira pamene azima kufikira pamene ayaka, ndipo nonse mukudziwa mmene magetsi athu amakhalitsira akapita. Tsiku lina ndinauzira mopsa mtima, mpweya wotsala n'kutulukira pazenera, n'kuanula zovala zonse za pazingwe ku Namiyango, zina anakazitola ku Limbe zitauma kale ndi kupindidwa.

Kenako mchere unatha m'Bangwe monse. Anthu anadya ndiwo zozizira mpaka odwala BP onse anachira, ndipo ine ndinkayenda chowerama poganiza kuti andigenda, koma apa ndi pamene ndinawadziwa anthu a kuno kuti ndi anthu. Amayi a kutchalitchi atamva kuti madziwo amafunika akome ngati misozi anayamba kupita kumaliro ndi mabeseni, kulirira momwemo osataya dontho, pobwerera n'kudzakhuthula kwathu. Anyamata a kabaza akakwera chitunda chathu chija ndi kasitomala wonenepa ankavula malaya n'kufinyira mumgolo umene ndinaika pamsewu. Ndipo nyumba iliyonse ya mdadada wathu inatenga beseni lake la nsomba kukasunga, ngakhale abusa anasamba panja mpaka dzinja chifukwa bafa lawo linali ndi alendo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa kuti mundipatsa chiyani. Mulungu awadalitse onsewo, amoyo ndi amene anatsogola.

Koma nsomba zinapitiriza kuswana, ndipo malo anatha. M'mawa wina ndinapeza kamodzi kakuyandama chagada m'beseni la pakhomo. Mawa lake zinalipo zingapo. Zinali kupanikizana, mpweya wanga sunkazikwaniranso, ndipo ine amene sindinagwetse msozi pamene minibasi inandiponda phazi n'kuphwa tayala, ndinakhala pansi pakati pa mabeseni n'kulira ngati mwana. Munthu anandipatsa ana ake m'manja kuti ndiwasunge, ine ndinali kuwapha ndi kuwasunga komweko.

Aphungu ndiye anabwera, paja nzeru za pa vuto la mnzako sizisowa. Woyamba anali mkulu wina wokazinga nsomba pamsika, anafika atasenza chiwaya chachikulu kuposa denga langa, mafuta ali kale m'manja, ine n'kumuthamangitsa mpaka anakalowa m'chiwaya chake chomwecho n'kutsetsereka nacho chitunda chonse. Mwini hotela ina ya m'tauni anati akaziika polandirira alendo zizikakongoletsa, koma ndinaona mmene wophika wake ankamezera malovu, ndinati pepani bwana, tsalani bwino. Ena anati ndikazitaye mumtsinje wa Mudi zikadzionere zokha, ngati kuti sindinalumbire za madzi opanda mchere. Ndisabise, ndinaganizapo zothira mchere mumtsinje wonsewo kuyambira kumtunda, ndipo ndikanatha, koma amayi ochapa ndi eni madimba akanandifunafuna ndi makasu.

Amene anamasula mfundoyi ndi Mayi Nasibeko, aja ankayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa ufa kukagwa maliro. Anabwera masana, anakhala pansi pakhonde atatambalala, anayang'ana mabeseni onse aja kwa nthawi, kenako anayankhula motsitsa mawu.

"Bambo Likaka, mwini wake tinamuika kuchilendo chifukwa sitinadziwe khomo lake. Koma anawa kwawo kukudziwika, msewu ulipo. Mukudikira kuti athe?"

Mutu wanga uwu ukanaganiza zomwezo mawa lake, zimenezo musakayike, koma mayi aja ananditsogolera ndipo ndimawathokoza mpaka lero.

Madzulo omwewo mbale inayamba kuyenda monga imayendera pa maliro, kungoti m'malo mwa ufa inkafuna mchere wa paulendo, ndipo popeza kuno unali utatha uthenga unapita ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Zingwangwa mpaka ku Machinjiri, anthu oti aJowakimu sanawaonepo n'kumabwera wapansi aliyense ndi kasupuni kake atakulunga m'pepala, mulu n'kukula mpaka oyendetsa ndege anadandaula kuti ku Bangwe kwamera phiri lachiwiri. Mukumva? Mkulu wina wonyamula mchenga anapereka lole yake ulere, anyamata owotcherera anagwira ntchito osapuma n'kulumikiza thanki yaitali moti titanyamuka mutu wa lole unafika pa Lunzu mchira ukadali kutsazikana ndi anthu pamsika wa Bangwe. Kutsogolo tinasomeka masamba monga timachitira tikanyamula maliro, amayi a kwaya anakwera pamwamba ndi Mayi Nasibeko n'kuyamba nyimbo, ndipo njira yonse magalimoto ankapatuka, abambo n'kumavula zipewa. Pachipata cha ku Mwanza msilikali anafunsa kuti wamwalira ndani, ine n'kumufotokozera, iye n'kuvula chipewa chake n'kukweza chitsulo ndi manja ake.

Vuto linatipeza ku Tete. Amene munafikako mukudziwa dzuwa la kumeneko, mbuzi zimayenda zitapsa kale mbali imodzi. Madzi a m'thanki anayamba kufunda, nsomba n'kumatulutsa mitu, ine ndinavula jekete, ndinatenga chingwe chomangira katundu, ndinachizunguza katatu n'kukola mtambo umene unkadutsa kupita ku Zimbabwe, ndinaukokera pansi ukukana, ndinaumangirira kuchitsulo cha lole kuti utichitire mthunzi, ndipo ndinauchenjeza pamaso pa mboni kuti usayerekeze kugwetsa dontho chifukwa madzi ake ndi opanda mchere. Unadzigwira njira yonse, ukuchita kubuula, ndipo titaumasula pafupi ndi Beira unathamangira kutchire n'kukagwetsa mvula imene anthu a kumeneko anakolola nayo mpunga kawiri.

Tsono tinafika. Abale anga, nyanja ija ndinaiona ndi maso awa, madzi opanda tsidya, ataima malo amodzi phee monga ankakhalira kuyambira kale. Dalaivala anafuna kungobwerera chambuyo n'kukhuthula ngati mchenga, ine ndinati ayi, pakhomo pa eni sitifika choncho. Ndinavula nsapato, ndinanjuta m'mphepete mwa madzi, ndinaomba m'manja.

"Odi, agogo. Tachokera ku Bangwe. Mwana wanu Jowakimu, amene anachoka kuno nthawi ya nkhondo, anatisiya. Anakhala nafe bwino, sanayambane ndi munthu, analera ana a eni, ndipo tinamuika mwaulemu. Thupi talephera kubwera nalo, koma ana ake ndi awa."

Nditangomaliza, nyanja inayamba kubwerera m'mbuyo. Inapita, inapita, mabwato n'kutsala atagona chammbali pamchenga, asodzi n'kugwira mitu, madzi n'kukhala kamzere kutali uko. Mchere wa paulendo unali utatha, mtambo tinali titaumasula, nsomba zinali zitatopa, ndipo ndinaona kuti ndawabweretsa ana aja ulendo wonsewu kuti adzafere pakhomo pawo, eni khomo atatikana. Ndinafuna kuithamangira ndiigwire ndi manja, koma Mayi Nasibeko anandikoka malaya n'kundiuza kuti munthu akalandira uthenga wotere sayankha pompo, amayamba walowa m'nyumba kukalira ndi kukauza abale, ndiye tikhale pansi tidikire. Tinakhala pamchenga paja, amayi akuimba motsitsa, ine maso ali kunyanja.

Dzuwa litapendeka inabwerera. Inabwera pang'onopang'ono, yopanda mkokomo, inadutsa mabwato n'kuwadzutsa, inandinyowetsa mapazi, mawondo, chiuno, inafika pa lole n'kutsegula yokha chitseko cha thanki, ndipo nsomba zonse zinatuluka pamzere osakankhana, zazing'ono patsogolo, mpaka madzi onse anafiira kufikira kumene maso amalekezera. Pomalizira panatuluka ziwiri zakale zija za m'chigubu, zitachita imvi m'zipsepse. Sinafe ndi imodzi yomwe paulendo wonsewo, ndipo ine ndinaima m'madzi muja n'kuthokoza Mulungu, n'kuthokoza anthu a ku Bangwe mmodzimmodzi ndi maina awo mpaka mawu anandithera.

Kuyambira tsiku limenelo nyanja ya ku Beira sinakhalenso malo amodzi. Tsiku lililonse imachoka kupita kutali kukalira, n'kubwerera, n'kuchokanso, ndipo nyanja zina zitaona zinayamba kuiperekeza. Ana asukulu akuuzani kuti ndi mwezi umene umaikoka. Mwezi unawadziwira kuti aJowakimu? Inu a kapu yofiira, kwerani lole mupite, mukaime pamchenga paja muione ikunyamuka, ndiye mubwere mudzandiuze pamaso panga kuti munthu amene anandilera alibe womulira kwawo.