Mabuku a Ayuda amene ndinalonjeza

Lolemba

Pakamwa pangapa padzandipha! Dzulo ku felosipi kwathu ku Al Twar ndinadzitama kuti mabwana anga ku Mirdif kuno ndi Ayuda enieni, za Ayuda ndimadziwa zonse. Amayi Busa pompo: "Ndiye Lamulungu mutibweretsere mabuku a mbiri yawo ndi miyambo yawo. Mudzaime kutsogolo, mutifotokozere."

Kutsogolo! Ine! Chifikireni ku Dubai, ntchito yanga ku felosipi ndi kutsuka makapu, kutsogoloko ndi kwa Mai Nachisale sabata ndi sabata. Mwayi uwu ukandiphonya ndidzakalambira pa sinki.

Ofunika:
la ana, la zithunzi
la achinyamata, losatopetsa
la akuluakulu, lonenepa, loti anthu andiope

Lachiwiri

Ndikupukuta fumbi pa shelefu ya bwana, maso ali pa mabuku. Loyamba likutsegukira kumbuyo. Lachiwiri chimodzimodzi. Kodi osindikizawo analedzera? Zilembo zake sindikuzindikira ndi chimodzi chomwe. Lina landipulumuka, phu! pansi. Madamu atulukira, alitola, alipsompsona, alibwezera pamalo pake. "Ndi lopatulika," akutero, osakalipa. Ine thukuta kamukamu, pomwe m'nyumba mukuzizira. Ndiye buku lotereli ndikwere nalo basi?

Lachitatu

Ndalimba mtima, ndawapempha madamu mabuku achingerezi. Asangalala mopyola muyezo, aitana bwana. Kalanga ine!

Madamu atola limodzi. Bwana: "Limenelo ayi, wolembayo sadziwa kanthu." Bwana atola lawo. Madamu: "Ukufuna anthu agone m'tchalitchi?" Aimbira foni mayi a madamu kuti aweruze. Agogowo akana onse awiri, akutchula awoawo. Mabuku mulu patebulo, ogwirizana palibe, chakudya chazizira.

Pomaliza bwana anditembenukira: "Koma ukufuna Ayuda ake ati? A ku Iraq, a ku Poland, a ku Ethiopia?"

Ine ndimadziwa a m'Baibulo okha. Ambuye, ndinalakwanji?

Lachinayi

Madamu andipatsira kukhitchini limodzi la mbiri, bwana asaone. Mwana wawo wagona masana, ndikuwerenga. Ndimayembekezera Mose ndi nyanja. M'malo mwake sitima zapamtunda zodzaza anthu, misasa ya imfa, ana olandidwa m'manja mwa amayi awo. Ndalira mpaka mamina.

Pakhoma la pabalaza pali chithunzi chakale cha mtsikana wovala mpango. Ndimachipukuta m'mawa uliwonse osafunsa. Lero ndafunsa. Ndi mng'ono wa agogo a madamu. Anakwezedwa sitima zomwezo, sanabwereko.

Izi anzanga ayenera kuzimva Lamulungu, zivute zitani. Mtima ukuwawa. Mpunga wapserera.

Lachisanu

Madamu: "Tikatha kuphika tisankha bwinobwino, tiwiri." Kuphika kwake kwa Lachisanu, mayo! Nsomba, nkhuku, supu, buledi woluka ngati tsitsi la mwana wasukulu. Yalla, yalla, kundifulumizitsa tsiku lonse.

Dzuwa lili pafupi kulowa, madamu ayatsa makandulo, Sabata yawo yayamba. Ndanong'oneza za mabuku. "Pepa, pa Sabata sitikonzekera za tsiku lina. Mawa kukada." Mafoni awo azimitsa. Yanga ndiye ikungolira. Mai Nachisale: "Sisi, muwafunseko, nsembe za nkhosa amaphera kuti mu Dubai muno?"

Nanenso foni ndaizimitsa. Ndilibe mphamvu.

Loweruka

Alendo tho! Mulu uja uli pakona, ndikungoudutsa ndi mbale. Madamu awauza alendo nkhani yanga monyadira. Basi, mkangano wa Lachitatu wabuka, tsopano wa nyumba yonse. Mmodzi akuti ana ayambe ndi nthano, wina akuti ayambe ndi mapemphero, wina akuimba. Ine amene ndinapempha mabukuwo palibe akundifunsa kanthu, kupatula madzi.

Sabata yatha. Mlendo aliyense akutuluka ndi buku m'khwapa, akuti akaliwerengenso kuti adzatsutse bwino. La mbiri lija lapita ndi mlamu wa bwana. La ana nalo lapita.

Zotsala:
buku la maphikidwe
madamu, mutu ukuwawaza
buledi, amene andikulungira ndi mapepeso ambirimbiri

Lamulungu

Ndaima kutsogolo, buku la maphikidwe m'manja, buledi patebulo. Ndayamba za mtsikana wa mpango uja. Ndisanafike pa sitima, ana ayamba kulimbirana buledi. Akuluakulu nawo adzuka, ati kuleretsa, akubwerera akutafuna. Bambo wina wa sekyuriti: "Koma ndiye wofewa, abale!" Buku likuyenda dzanja ndi dzanja, akungoona zithunzi za zakudya.

Ndakweza mawu. Amayi Busa ayang'ana wotchi, poti chipinda ndi chobwereka. "Khalas, mayi, nthawi yatha." Kenako alengeza kuti mphatso yanga yaoneka lero: kuyambira sabata yamawa ndizibwera ndi buledi wa Ayuda. M'manja mwaphokoso, Mai Nachisale mpaka nthungululu.

Za mtsikanayo palibe wamva. Ndabwera nazo m'basi ndekha, zikundilemera pachifuwa.

Ufa ndizigula ndekha.